Nambala za Madamu M'mbale ya Hidaya

Cosmo City, Johannesburg
19 Januwale 2025

Amake Asma,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani mutadzuka bwinoko, inu pamodzi ndi mayi anu. Ine kuno ndilipo, Alhamdulillah, kungoti kutopa kwa masiku onse komwe kuja.

Zimene munandiuza pa foni Lachisanu zandikhala pamtima. Netiweki inkadukaduka, ndinangomva kuti "shuga" ndi kuti "mapiritsi m'mawa ndi madzulo". Ndiye ndati ndilembe papepala kuti muziwerenga mobwereza. Kalatayi ndampatsa Yakobo, uja amanyamula katundu wa anthu kuchoka kuno kupita kumudzi. Akutsitsirani pa depoti ya pa boma pamodzi ndi kabokosi.

Musachite mantha, Hidaya. Matenda amenewa kuno ali paliponse, ndipo njira yake ine ndikuidziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndakhala ndikuphikira madamu ku Randburg sizinapite pachabe. Mayi amene aja saika kanthu pakamwa asanayeze. Mpunga pa sikelo, nkhuku pa sikelo, mafuta amachita kuyeza ndi supuni. Akatero amalemba mu foni, foniyo n'kuwauza makalori. Makalori ndi nambala ya mphamvu imene ili m'chakudya chilichonse. Ukadya nambala yoposa imene thupi likufuna, yotsalayo imasanduka mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amaitana shuga. Madamu amadya 1,400 pa tsiku, osapyola. Mutawaona thupi mungati mtsikana wa Fomu 4, chonsecho zaka ndi makumi asanu.

M'kabokosimo muli sikelo ya batire imene madamu anandipatsa atagula yatsopano. Mulinso pepala la nambala zimene ndakopera mu foni ya Lenard, mnzanga wa ku Chipoka amene timakhala naye chipinda chimodzi. Mpunga wophika magalamu 100 ndi 130. Sirayisi imodzi ya buledi ndi 90. Mafuta supuni imodzi ndi 120. Woopsa ndi mtedza, 570. Inu muziyeza, muzilemba, mukafika 1,400 muzisamba m'manja.

Malata a pakhitchini amene akudontha aja adikire kaye, tiyambe ndi thupi lanu. Usipa ngati ukutuluka pitirizani kuyanika, koma musamasenze mabeseni awiri nthawi imodzi ngati kale.

Moni kwa mayi, ndi kwa mwana wathu Asma ndi mwamuna wake ku Chinguluwe.

Ine mwamuna wanu,
Tahir


16 Febuluwale 2025

Amake Asma,

Asalamu alaikumu. Ndathokoza kumva kuti katundu anafika wosasweka. Makalata otsatirawa ndizilemba papepala n'kujambula pa foni, poti Yakobo sabwerera msanga. Ine ndili bwino, kupatula ludzu. Dzuwa la chaka chino likundimwetsa madzi ngati ng'ombe.

Uthenga wanu wa mawu ndaumvetsera katatu. Mukuti ikamakwana teni koloko miyendo imanjenjemera, ndipo mukawerama pa thandala kuti mutembenuze usipa m'maso mumachita mdima. Ndi mmene zimayambira zimenezo. Thupi limalira ngati mwana amene akumuletsa kuyamwa, kenako limazolowera. Pirirani.

Koma pepala lanu la sabata ino limene munajambula landikhumudwitsa pang'ono. Lolemba mwalemba chisoso chotendera. Hidaya, nsinjiro si mtedza womwe uja? Lachitatu mwalemba peyala lathunthu la mumtengo wa kwa Enifa. Ndikudziwa kuti Enifa ndi mnansi wabwino, amakupatsani ndi mtima umodzi, koma peyala lalikulu limodzi limapyola 300. Usipa wouma nawonso nambala yake si yocheza, muchepetse. Njala ikakupezani kunyanja, gulani masirayisi awiri a buledi ndi tiyi, nambala yake njochepa kuposa peyala.

Mukuti mayi anu akuseka, akuti chibadwire sanaonepo munthu akuyeza chakudya chake chomwe ngati akudzigulitsa yekha. Asiyeni aseke. Iwo alibe shuga.

Dzulo madamu anandipeza ndikuthira mafuta m'poto ndi maso okha. Anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"Tahir, supuni ili kuti?"

Ine ndinati, "Madamu, dzanja langali likudziwa. Ndaphikira alendo pa loji ku Senga Bay zaka khumi."

Iwo anati, "Dzanja lako silindiuza choti ndilembe mu foni."

Anakhuthulira zonse mu bini, anyezi ndi tomato yemwe. Ndinangoyang'ana. Pobwerera mu tekisi ndinkati mwina akunena zoona. Ophunzira ndi iwo, olemera ndi iwo, ine ndine yani?

Inenso ndayamba kuwerenga zanga. Mwamuna akuti 2,000. Ndi buledi wanga, tiyi wa m'mawa ndi madzulo ndi dirinki ya masana, sindifikako n'komwe. Lamba ndaboola kale bowo lina. Mukuona? Tili limodzi.

Za mapepala anga zimene munafunsa, tidzakambirana ulendo wina.

Tahir


9 Malichi 2025

Amake Asma,

Asalamu alaikumu, ndipo Allah atilandire kusala kwathu m'mwezi uno wa Ramazani. Ndikhulupirira mayi chifuwa chija chawaleka. Ine ndikusala, ngakhale ndi zowawa kukhala tsiku lonse pa chitofu cha eni, kununkhiza zimene sungalawe. Ludzu ndi limene likundigonjetsa. Ikamakwana 3 koloko lilime limakhala ngati chikopa.

Nkhani ya makilo asanu ndi limodzi amene mwataya yandisangalatsa. Ndinamuonetsa Lenard chithunzi chanu, anati, "Alamu abwerera ku utsikana." Inu mukuti anthu kunyanja ayamba kunong'onezana kuti mwina muli ndi matenda ena. Pakamwa pa anthu sipatsekeka. Mukanenepa anena, mukaonda anena.

Mwandifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, mukuti a shehe anena kuti wodwala ndi wololedwa kusasala, ndipo Enifa akukukakamizani kuti mukafunse kaye anesi. Izo zili pakati pa inu ndi Allah. Koma kunena za nambala zokha, kusala n'kothandiza, chifukwa masana onse simulemba kanthu. Ku boma n'kutali, mukataya tsiku lonse pa mzere pamene usipa ukutuluka. Piritsi la m'mawa muzimwa pa daku kusanache, lamadzulo pa futari pomasula, basi.

Chachiwiri, mukuti dzuwa likalowa mumakhala mulibe mphamvu zophika, ndiye mwafunsa ngati mandasi awiri ndi dirinki zingalowe m'malo mwa mpunga ndi nyemba. Ndawerengetsa. Zikukwana 550, mpunga ndi nyemba zothira mafuta zimafikanso pomwepo. Ndiye n'chimodzimodzi. Malinga musapyole.

Kuno zinthu sizili bwino kwenikweni. Lenard sanagone kunyumba masiku awiri, wabwera wopanda foni, sakufuna kukamba. Ine ndasiya kukwerera tekisi pa renki yaikulu poopa ofunsa mapepala, ndimayenda wapansi kukakwerera kutsogolo. Nsapato zimene abwana, amuna a madamu, anandipatsa zimandithina, zandichititsa thuza pa chala chachikulu. Ndi zazing'ono izi.

Nsalu ya Idi ndaiona kale ku Fordsburg, yobiriwira. Insha Allah Yakobo akabwera.

Tahir


27 Malichi 2025

Hidaya,

Asalamu alaikumu. Sindikudziwa ngati muwerenga. Foni yanu ikuitana koma simukuyankha.

Enifa anandiimbira Lachiwiri ndili pa sinki. Anati, "A Tahir, akazi anu agwa pa thandala, nkhope mumchenga. Tawanyamula pa galimoto ya ku loji kwathu. Akuti shuga anatsika mpaka 2." Ndinakhala pansi pa simenti ya khitchini ya eni, madzi akutayika pa mpope.

Dzulo anaimbanso. Anati mwatsitsimuka, akuikani diripi, mukulankhula. Kenako anati, "Anesi apeza pepala la manambala m'chikwama mwawo. Afunsa kuti wawalembera ndani."

Ndinamufunsa kuti wawayankha chiyani.

Iye anati, "Ndawauza kuti ndi dokotala wina wa ku Joni."

Enifa sanandilankhulepo motero chiyambire. Ndinamulera ndine pa ntchito pa loji paja, ndi ine ndinamuphunzitsa kukazinga chambo osachiphwanya.

Ine sindinalembe nambala ya m'mutu mwanga, Hidaya. Zonse zinachokera mu foni. Mwina sikelo ija batire linafooka. Mwina munaiwala kulemba zina. Sindikudziwa. Ndakhala ndikuwerengetsa mobwereza, zonse zikukwana.

Kachepa kamene ndinali nako ndatumiza pa nambala ya Asma kuti azikugulirani zofunika kuchipatalako. Masiku otsalawa musasale. Ndikupemphani, ingoyankhani foni, ngakhale mundinyoze.

Tahir


4 Meyi 2025

Amake Asma,

Asalamu alaikumu. Ndamva kwa Asma kuti muli kunyumba, mwayambanso kuyenda mpaka kumjigo. Alhamdulillah. Idi inadutsa osamva mawu anu. Sindikudandaula. Nsalu ija ikadali pansi pa matiresi, Yakobo sanabwerebe.

Asma ananditumizira chithunzi cha mbale imene anesi anakujambulirani. Theka masamba, mbali ina usipa kapena nyemba, mbali yotsalayo mgaiwa kapena mbatata. Palibe nambala ngakhale imodzi. Anandiuzanso mawu awo, akuti buledi ndi dirinki zili ngati moto wa mapesi, shuga amalilima kenako n'kugwa, pamene nsinjiro, peyala ndi usipa zili ngati chikuni cha tsanya, zimanyeka pang'onopang'ono. Akuti munthu womwa mapiritsi amenewa sayenera kulumpha chakudya. Ndiye kuti zimene ndinakuletsani ndi zimene zikanakugwirani miyendo, zimene ndinakulolani ndi zimene zinakugwetsani. Ndawerenga uthengawo kambirimbiri kufunafuna polakwika, sindinapapeze.

Sabata yatha ndinapsereza nsomba ya madamu, koyamba m'zaka zonsezi. Anandifunsa chimene chikundivuta. Ndinawaonetsa chithunzi cha pepala lija ndi kuwafotokozera zonse. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi.

"Mkazi wako amagwira ntchito yanji?"

Ndinati, "Amalawira kunyanja kukachingamira asodzi. Amasenza mabeseni a usipa kukwera nawo mumchenga, amayanika, amatembenuza, amalongedza. Akabwera kunyumba madzi ndi nkhuni zimadikira iye."

"Ndiye unamupatsa 1,400 yanga? Tahir, ine ndimachoka pabedi kulowa m'galimoto, kuchoka m'galimoto kukhala pampando. Nambala imeneyo sinapangidwire iye."

Ndinati, "Koma inu yakuthandizani."

Anaseka, koma osati kuseka kosangalala. Anawerama n'kupatula tsitsi pa liwombo kuti ndione. Hidaya, khungu likuoneka. Anati magazi awo ndi ochepa, amakabayitsa jakisoni miyezi itatu iliyonse, ndipo adokotala awo anawauza chaka chatha kuti asiye kuwerenga, adye ngati munthu. "Ndikulephera kusiya," anatero. "Ndikaona mbale sindionanso chakudya."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwaphikira, ine osadziwa. Ndinkaona thupi lowongoka, ndinkati ndi thanzi. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawaona akuyezanso mpunga, akuchotsamo timbewu ndi chala kuti nambala ikhale ndendende.

Ndinalakwa, Hidaya. Batire silinafooke ndipo inu simunaiwale kanthu. Ndinafuna kuti nanenso ndikhale ndi chimene ndabweretsa kuchokera kuno, poti nyumba sindinamalize, galimoto sindinagule. Ndikhululukireni. Mukandipepeserenso kwa mayi, ndinawanyoza pamene iwo ankaona bwino.

Tahir


22 Juni 2025

Amake Asma,

Asalamu alaikumu. Mawu anu a Lachinayi anali mankhwala. Mphindi zinayi zokha, zitatu mukundikalipira, koma ndinamvetsera mobwereza mpaka batire kutha. Ndakondwa kuti shuga ali pa 7 ndipo mwabwerera ku thandala. Ndinaseka pamene munati mayi ndi amene akukupakulirani tsopano, ndipo akuthira nsinjiro mochita kunditchula dzina. Athire ndithu.

Kuno kwazizira koopsa. M'mawa madzi a m'ndowa amachita kuuma pamwamba. Timagona ndi majekete.

Ntchito yachepa. Madamu ayamba kuitanitsa chakudya chophikaphika cha m'timabokosi, chimabwera pa njinga yamoto, nambala italembedwa kale pa chivundikiro. Akuti n'chosavuta kuwerenga kusiyana ndi changa. Ndiye ndikupita masiku atatu pa sabata, kukolopa ndi kusita. Chitofu ndimangochipukuta fumbi. Mwezi uno ndituma zochepa. Malata aja musawayembekezere chaka chino, pezani pulasitiki mvula isanayambe.

Munandifunsa kuti bwanji pa chithunzi ndaonda chotere, ndipo bwanji ndavala patapata m'nyengo yozizira. Ndi chala chija, sichikupola, nsapato sikulowa. Chodabwitsa n'choti sichipweteka. Lenard ndi amene anayamba kudandaula fungo, ndiye Lolemba ndinapita ku kiliniki. Pa geti panali gulu la anthu, osati madokotala, osati apolisi, anthu wamba atavala masikipa ofanana. Aliyense wolowa ankamufunsa chiphaso. Mayi wina wa ku Zimbabwe anali ndi mwana kumsana, anamubweza. Atafika pa ine, bambo wina anandiyang'ana phazi, n'kundiyang'ana kumaso.

"Kwanu kulibe zipatala?"

Ndinatembenuka, ndinakagula bandeji ndi mankhwala opaka ku famase. Ndikutsuka ndi madzi a mchere. Chipola, Insha Allah.

Musamuuze Asma, ali ndi pakati, asamaganize zambiri.

Mukuti ndikayezetse nanenso shuga. Ine, Hidaya? Shuga ndi wa anthu a thupi. Ine nthiti zikuwerengeka. Koma ndamva. Zinthu zikakhazikika ndipita.

Tahir


10 Ogasiti 2025

Hidaya mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Pepani kuti ndinakhala chete masabata onsewa, ndipo pepani kuti Lenard anakunamizani kuti foni yanga ili kokonzetsa. Ndinamutuma ndine. Ndikhulupirira muli bwino, inu, mayi, ndi Asma ndi katundu wakeyo.

Ndinali m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Ndatuluka Lachisanu.

Zinayamba ndili kuntchito. Ndinkasita malaya a abwana, ndinangomva kuzizira kenako kutentha, chipinda n'kuyamba kuzungulira. Madamu anandipeza nditatsamira khoma. Ataona bandeji anati ndimasule. Nditamasula anagwira pakamwa. Anandikweza m'galimoto yawo, mpando wakutsogolo, ndipo pa geti ya chipatala analankhula ndi iwo, ine ndinangowerama. Palibe amene anandifunsa kanthu. Pa zimenezo ndiwathokoza mpaka kufa.

Anandibaya chala cha dzanja, makina anaonetsa 24. Adokotala anandifunsa kuti ludzu linayamba liti. Ndinati chaka chatha chakumapeto. Anafunsa ngati ndimadzuka kawirikawiri kukataya madzi. Ndinavomera. Kenako anati, "Mumadya chiyani, bambo?"

Ndinati, "Adokotala, ine ndimasamala. Sindinapyolepo 2,000 pa tsiku."

Anasiya kulemba. "2,000 ya chiyani?"

Ndinayamba kutchula. Buledi woyera theka la lofu m'mawa, theka madzulo. Tiyi wa masupuni atatu, kawiri. Dirinki masana, chifukwa cha ludzu lomwelo. Ndikutchula choncho ndinkadzimva ndekha. Anandifunsa kuti masamba ndinadya liti komaliza. Ndinaganiza, ndinaganiza, ndinalephera kukumbuka. Munthu wophika, Hidaya. Ndakhala ndikutsuka sipinachi ya eni m'manja mwangamu tsiku ndi tsiku. Iwo anati kuonda kumene ndinkanyadira kuja sikunali kusamala ayi, anali matendawo akundidya.

Tsopano ndili pa jakisoni, ndimadzibaya ndekha pamimba. Akuti bala likufunika kutsukidwa tsiku lililonse ndipo ndisaime nthawi yaitali kwa miyezi itatu. Madamu anabwera kudzandiona kawiri. Ulendo wachiwiri anandipatsa envelopu, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake popanda kulitchula. Sindiwada. Nyumba yawo siingadikire miyezi itatu.

Ndatopa, Hidaya. Osati kutopa kogona n'kudzuka uli bwino. Ndakhala pa bedi lija ndikuyang'ana denga, ndikudzifunsa kuti kuno ndikudikira chiyani. Chipinda ndamusiyira Lenard, wapeza kale wina wolowa. Yakobo wafika, akunyamuka Lachitatu likubwerali, ndipo wavomera kuti ndikhale kutsogolo kuti mwendo ndiziwongola. Akuti malire akapanda kuvuta tifika pa boma Loweruka chakumasana. Makalata a kuchipatala ndili nawo, Lolemba mudzandiperekeze kwa anesi anu aja. Ndikawauza ndekha kuti dokotala wa ku Joni ndine.

Katundu ndilibe wambiri, chikwama chimodzi ndi bulangeti. Koma musabwere ndi a kabaza, njinga sindingathe kukwera. Mupemphe Enifa ngati galimoto ya ku loji ingapezeke, ngati angalole kundichitira zimenezo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna ndidzakuuzeni pamaso, koma ndaona kuti ndi bwino muchidziwe musanandione ndikutsika. Chala chachikulu chija anachidula, pamodzi ndi chinzake choyandikana nacho. Ndikuyenda ndi ndodo. Mukadzandiona musadzalire pa depoti pali anthu. Mudzangolandira chikwamacho, tizipita kwathu.

Ine mwamuna wanu,
Tahir